Kabokosi ka X10 kakayamba kugontha: kukakonza kapena kugula kamakono

M'nyumba zambiri zakale za ku United States ndi Canada muli timabokosi tapulasitiki tomwe tidalowetsedwa m'soketi, kapena kuikidwa m'khoma m'malo mwa switchi, zaka makumi atatu kapena anayi zapitazo. Ntchito ya kabokosi kotere ndi kuyatsa ndi kuzimitsa nyale, fani kapena pampu mwini wake ali chipinda china, kapenanso pa ola limene watchera iye atachoka. Dongosolo lake limatchedwa X10. Lidapangidwa mu 1975 ndi akatswiri a kampani ya Pico Electronics ku Glenrothes m'dziko la Scotland, ndipo pofika 1978 zipangizo zake zinali zitayamba kugulitsidwa m'masitolo a RadioShack ndi Sears ku America. Anthu adazikonda chifukwa zinali zotchipa komanso sizinkafuna kuti munthu aboole khoma n'kuika mawaya atsopano. Uthenga unkayenda m'mawaya omwewo a magetsi.

Kabokosi kotere sikafa tsiku limodzi. Kamayamba ndi kuphonya apo ndi apo. Nyale ya pakhonde imene yakhala ikuyaka yokha madzulo aliwonse kwa zaka 20, lero yayaka, mawa ayi. Munthu adina batani la rimoti kawiri, katatu, kenako n'kumva kabokosi kakuvomera. Pakapita miyezi, kamamva m'mawa mokha, usiku n'kugontheratu. Apa mwini nyumba amakhala ndi njira ziwiri: kutsegula kabokosiko n'kukakonza, kapena kuchotsa zonse n'kuika zipangizo zamakono zolankhulana ndi wailesi, monga za Z-Wave, Zigbee kapena Wi-Fi. Anthu ambiri amasankha asanadziwe chimene chadwala, ndipo ndalama zambiri zimatayikira pamenepo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mmene X10 imalankhulira. Magetsi a m'nyumba ku America amasintha mbali, kupita ndi kubwerera, ka 60 pa sekondi, ndipo paulendo uliwonse mphamvu yake imadutsa pa ziro kawiri. Nthawi yodutsa pa ziroyo m'mawaya mumakhala bata pang'ono, choncho chipangizo chotumiza chimaponyamo kachizindikiro ka 120 kHz kotenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kukhalapo ndi kusakhalapo kwa kachizindikiroko ndiye zilembo zonse za chinenerochi. Kabokosi kalikonse kali ndi timagudumu tiwiri totembenuza ndi sikuludiraiva: kena kosankhira chilembo kuyambira A mpaka P, kena kosankhira nambala kuyambira 1 mpaka 16. Pamodzi zimapereka maadiresi 256. Wotumiza amatchula adiresi kawiri, n'kupuma pang'ono, kenako n'kutchula lamulo kawiri. Zonsezi zimatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a sekondi, nchifukwa chake nyale ya X10 imachedwako pang'ono ngakhale zonse zili bwino.

Chofooka chachikulu chidalipo kuyambira pachiyambi: kabokosi wamba sikayankha. Wotumiza sadziwa ngati uthenga wafika. Zili ngati munthu amene akuitana mnzake ali kutsidya kwa msika, n'kutchula dzina kawiri, n'kunena chimene akufuna kawiri, kenako n'kutembenuka kumapita. M'mamawa msika usanadzaze mnzakeyo amamva bwinobwino. Masana, ogulitsa akukuwa ndipo zimkuzamawu zikulira, mawu amathera panjira. Ndipo woitanidwayo akamakalamba, khutu lake nalonso limayamba kulemera. Kugontha kwa X10 kumachokera mbali ziwiri zimenezi, mawaya kudzaza phokoso ndi kabokosi kukalamba, koma mwini nyumba amaona chinthu chimodzi chokha: nyale sinayake.

Mbali ya mawaya ndi imene yasintha kwambiri. Mu 1978 m'nyumba munali mababu a kawaya kotentha, firiji, wailesi ndi ayironi, zinthu zimene sizinkasokoneza chizindikiro cha 120 kHz. Lero pafupifupi chilichonse cholowetsa m'soketi chili ndi kagawo kosinthira magetsi kamene kamatseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi: chaja ya foni, ya laputopu, TV, rauta, mababu osunga magetsi opindikapindika aja, mababu a LED. Zina mwa izi zimalavulira m'mawaya phokoso loyandikana ndi 120 kHz, moti kabokosi kamalephera kusiyanitsa lamulo ndi zinyalala. Zina zimachita zosiyana. Pofuna kuti phokoso lawo lisatuluke, opanga adaziikira kapasita pakhomo polowera magetsi, ndipo kapasita ameneyu amameza chizindikiro cha X10 limodzi ndi phokosolo. Wotumiza amatulutsa mavolti pafupifupi 5, ndipo wolandira amafunika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a volti kuti amve mosaphonya. Malire amenewa amaoneka otakata, koma TV imodzi, kompyuta ndi bokosi losunga magetsi la UPS zikakhala pa waya umodzi zimawamaliza. Ndipo kusinthaku kudabwera ndi lamulo. Mu 2007 boma la United States lidakhazikitsa lamulo losunga mphamvu za magetsi limene lidachotsa pamsika mababu akale wamba pang'onopang'ono, a 100 W mu 2012, a 75 W mu 2013, a 60 W ndi 40 W mu 2014. Timabokosi tambiri tomwe eni ake amati tidakalamba m'zaka zimenezo sitidakalambe konse. Babu ndi limene lidasintha.

Pali vuto linanso la nyumba za kumeneko. Magetsi amalowa m'nyumba pa nthambi ziwiri za mavolti 120, ndipo pakati pa ziwirizo pamakhala mavolti 240 ogwiritsa ntchito pa chitofu ndi makina oumitsira zovala. Theka la masoketi lili pa nthambi imodzi, theka lina pa inzake. Uthenga wochokera pa nthambi yoyamba umayenera kutuluka panja, kukadutsa mu thiransifoma ya pa pholo, n'kubwerera pa nthambi yachiwiri utatopa kale. Chizindikiro chake n'choseketsa: nyale yokanika ija imamvera nthawi imene chitofu kapena makina oumitsira zovala ayatsidwa, chifukwa chipangizo cha 240 chimakhala ngati mlatho pakati pa nthambi ziwirizo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa phase coupler, koikidwa pa bokosi la mabuleka kapena m'soketi ya makina oumitsira aja. Kena kamangolumikiza nthambi, kena kamamva uthenga n'kuubwereza mwamphamvu.

Choncho ntchito yoyamba, munthu asanagwire chowotcherera kapena chikwama, ndi kusiyanitsa matenda awiri aja, a mawaya ndi a kabokosi, ndipo siifuna ndalama. Muzule kabokosi kokayikitsako, mukalowetse m'soketi imodzi ndi chotumizira. Kakamvera nthawi zonse pamenepo koma n'kumaphonya kuchipinda kwake, mlandu ndi wa mawaya. Kenako muzule zipangizo za m'nyumba chimodzichimodzi, kapena muzimitse mabuleka limodzilimodzi, mpaka uthenga utabwerera. Chomeza kapena cholongolola chikapezeka, mumachilowetsa kudzera pa fyuluta ya X10, ndipo nkhani yatha. Kuzimitsa TV ndi rimoti sikuthandiza pa mayesowa, chifukwa kapasita wapakhomo uja amakhalabe wolumikizidwa; pulagi iyenera kuzulidwa. Koma ngati kabokosi kakuphonya kali pambali penipeni pa chotumizira, kapena kakulephera pamene kanzake kofanana nako kakumva bwino m'soketi yomweyo, ndiye kuti matenda ali m'kati mwake.

M'kati mwa kabokosi ka X10 muli zinthu zochepa moti munthu akhoza kuziwerenga ndi chala, ndipo zambiri ndi zazikulu, za miyendo yolowa m'timabowo. Apa ndi pamene njira yokonza ili ndi mphamvu. Choyamba kuyang'ana ndi timagudumu ta adiresi tija. Tizitsulo take timachita dzimbiri ndi fumbi, moti kabokosi koikidwa pa B3 kakhoza kumadziona ngati kali pa adiresi ina, kapena kumasinthasintha nyengo ikakhala yachinyezi. Kutembenuza kagudumu uku ndi uku kangapo n'kukabwezera pamalo pake kumachiritsa timabokosi tochuluka kuposa mmene munthu angaganizire.

Chachiwiri ndi makapasita a madzi m'kati, ooneka ngati timigolo. Awa ndi amene amakalambadi. Madzi ake amauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako. Opanga amalemba moyo wa kapasita pa kutentha kwina kwake, mwachitsanzo maola 2,000 pa 85°C, ndipo lamulo limene akatswiri amayendera ndi loti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, moyowo umawirikiza kawiri. Tiwerenge. Kapasita wa maola 2,000 pa 85°C, akamakhala m'kabokosi kofunda 45°C usana ndi usiku, amayembekezeka kupirira maola 32,000, ndipo poti chaka chili ndi maola 8,760, zimenezo ndi zaka zosakwana zinayi. Wa maola 2,000 pa 105°C, pamalo omwewo, amafika maola 128,000, zaka zoposa 14. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, ndipo makapasita ambiri amapyola malire olembedwawo asanafooke kwenikweni. Komabe zikusonyeza chifukwa chake kabokosi kobisika kuseri kwa kabati, kapena switchi yochepetsa kuwala imene imadzitenthetsa yokha m'khoma, imatsogola kugontha. Zikusonyezanso kuti wokonza wanzeru amachotsa wa 85°C n'kuika wa 105°C, pakuti kusiyana kwa mtengo wake n'kochepa kwambiri.

Kapasita akauma, magetsi amene amadyetsa kachipu ka m'kati sakhalanso osalala, amagwedezeka motsatira magetsi a m'khoma. Kachipu kamayamba kuwerenga molakwa, makamaka pa nthawi imene kakufunika kumvetsera kachizindikiro kofooka. Maso sangadalirike pano, chifukwa kapasita wouma satupa nthawi zonse. Mita yapadera yoyezera makapasita, ya ESR, imauza zoona, koma kwa munthu amene alibe, kungosintha makapasita onse a mtunduwu m'kabokosi ka zaka 25 sikulakwa, popeza alimo ochepa ndipo aliyense sakwana dola imodzi.

Palinso kapasita wina wamkulu, wosakhala wa madzi, amene amatsitsa magetsi a m'khoma m'malo mwa thiransifoma. Ameneyu amathanso kufooka akamalandira zikwapu za magetsi okwera mwadzidzidzi, monga za nthawi ya ziphaliwali, ndipo akafooka kabokosi kamakhala ndi njala ya magetsi. Wolowa m'malo mwake ayenera kukhala wopangidwira magetsi a m'khoma, osati aliyense wofanana naye nambala. Kenako pali kakoyilo ka m'kachitini, kokhala ndi kamtima kozungulira, kamene kamatchera khutu la kabokosi pa 120 kHz. Zaka zikamapita kakhoza kusuntha pang'ono. Kukatcheranso n'kotheka, koma ine sindingalangize munthu wopanda chida choyezera kuti akagwire, chifukwa kamtimako kamasweka msanga ndipo kutembenuza mongoganiza kumasokeretsa zimene zinali bwino. Pomaliza, mu timabokosi toyatsira zipangizo zazikulu muli relay yamakina imene imagogoda mokweza ikamasintha. Ikauma kapena kuda, imagogoda kangapo motsatizana osakhazikika. Kuipukuta kumathandiza nthawi zina. Koma tizitsulo take tikapsa, tayani kabokosiko.

Chenjezo limodzi silingadumphidwe. Popeza mulibe thiransifoma yolekanitsa, chilichonse m'kati mwa kabokosi kali pa soketi chili ndi magetsi akupha, ngakhale mbali imene imaoneka ngati ya mavolti ochepa. Kukonza kumachitika kabokosi katazulidwa, kapasita wamkulu atatsitsidwa mphamvu, ndipo kuyesa kumachitika chivindikiro chitabwezeredwa. Kabokosi kamene pulasitiki yake yasanduka yabulawuni pafupi ndi mano a pulagi, kapena kakununkha kupsa, sikoyenera kukonzedwa. Kachipangizo kamene kamakhala pa magetsi usiku wonse anthu ali m'tulo sikoyenera kuyeserapo luso lowotcherera koyamba. Zoika m'bokosi la mabuleka, monga coupler ija, n'za munthu wa ntchito ya magetsi amene ali ndi chilolezo.

Tsono kukonza kukatheka, munthu amapeza chiyani? Amapeza kabokosi kamene kabwerera mmene kadalili katsopano, ndipo malire ake ndi omwewo a 1978. Sikayankhabe. Anthu awiri akadina mabatani nthawi imodzi, mauthenga awo amawombana n'kutayika onse. Mulibe chitetezo chilichonse: nyumba zingapo zikamadya pa thiransifoma imodzi, mnansi amene wasiya kagudumu kake pa A, monga ambiri amachitira, akhoza kuzimitsa nyale zanu osadziwa. Switchi yakale ya m'khoma ngati WS467 imadya magetsi ake kudzera m'babu lenilenilo, kamtsinje kochepa kamene babu la kawaya kotentha silinkakamva. Babu la LED limakamva, ndiye limathwanima kapena kuwala chizimezime litazimitsidwa, ndipo uthenga umavutika kudutsamo. Kapasita watsopano sachiritsa zimenezi. Ndipo chaja iliyonse yatsopano yolowa m'nyumba ikhoza kuyambitsanso ulendo wofufuza uja.

Zipangizo zamakono zimathetsa mavuto amenewa mwachindunji, ndipo si bwino kuzichepetsa chifukwa chokonda zakale. Z-Wave, imene idayambira ku kampani ya Zensys ya ku Denmark, imalankhula pa wailesi ya 908.42 MHz ku America ndi 868.42 MHz ku Ulaya, kutali ndi phokoso la m'mawaya. Chipangizo chikalandira lamulo chimavomera, chikapanda kuvomera wotumiza amabwereza. Zipangizo zokhala pa magetsi a m'khoma zimapatsirana uthenga mpaka utafika, moti nyumba ikamadzaza zipangizo, ukondewo umalimba. X10 ndi yosiyana: kabokosi kalikonse kowonjezera, makamaka kotumiza, kamamezako chizindikiro pang'ono. Zigbee imachita zofanana ndi Z-Wave pa 2.4 GHz, ngakhale kuti pamenepo imapikisana ndi Wi-Fi komanso uvuni wa mayikulowevu. Liwiro silingayerekezedwe n'komwe. X10 imanyamula mabiti pafupifupi 20 pa sekondi, Z-Wave imafika 100,000, Zigbee 250,000. Uthenga umabisidwa ndi makiyi, foni imasonyeza ngati nyale yayakadi, ndipo zochepetsa kuwala zimapangidwira mababu a LED. Kwa loko ya chitseko, chotenthetsa nyumba kapena pampu yochotsa madzi m'chipinda cha pansi, kumene lamulo lophonyedwa limabweretsa tsoka, palibe mpikisano. X10 siyenera kukhala pamenepo ngakhale itakonzedwa bwino motani.

Koma kusintha kuli ndi mitengo yake imene siilembedwa pa katoni. Woyamba uli m'khoma. Maswitchi ambiri amakono amafuna waya wa nyutulo, ndipo malamulo a mawaya a ku United States adayamba kulamula kuti waya ameneyu azifika pa maswitchi ambiri mu 2011. Nyumba ya m'ma 1970, imene ndi yomweyo ili ndi X10, nthawi zambiri ilibe. Mwini wake amayenera kufunafuna mitundu yochepa yosafuna nyutulo kapena kulipira munthu wokoka mawaya atsopano. Wachiwiri ndi nthawi. Kabokosi ka X10 kakafa, mumatenga kena, n'kutembenuza timagudumu pa adiresi yomweyo, basi. Chilichonse chimene chinkalamula kakale chimalamula katsopano. Chipangizo cha Z-Wave chiyenera kulembetsedwa ku bokosi lolamulira, ndipo chikafa chisanachotsedwe m'kaundula chimasiya dzina lopanda mwini limene limasokoneza njira za uthenga mpaka litafufutidwa. Bokosi lolamuliralo likafa popanda kusunga kope la kaundula, munthu amazungulira nyumba yonse kulembetsanso switchi iliyonse.

Mtengo wachitatu ndi umene ine ndimauona wolemera. Zipangizo zambiri zamakono zimadalira seva ya kampani pa intaneti, ndipo sevayo mwini nyumba sangaitsegule ndi sikuludiraiva. Revolv lidali bokosi lolamulira logulidwa pafupifupi madola 300. Kampani ya Nest idagula eni ake mu 2014, ndipo mu Meyi 2016 idatseka maseva, mabokosi onse n'kusiya kugwira ntchito alibe chilema chilichonse. Mu 2020 kampani ya Wink idauza makasitomala amene adagula kale bokosi lawo kuti ayambe kulipira madola 4.99 mwezi uliwonse kuti lipitirize kugwira ntchito mokwanira. Eni dzina la X10 nawonso adasintha, mapulogalamu ake ena a pa kompyuta adasiyidwa, koma kabokosi ka m'soketi sikadamvepo kanthu, chifukwa sikadziwa kampani iliyonse. Kamangomvera aliyense amene waponya 120 kHz pa nthawi yoyenera.

Nkhani ya Insteon ili pakati pa ziwirizi, ndipo imaphunzitsa zambiri. Dongosololi lidatulutsidwa mu 2005 ndi kampani ya Smartlabs ya ku California kuti lichiritse zofooka za X10. Limatumiza uthenga m'mawaya pa 131.65 kHz komanso pa wailesi ya 915 MHz, chipangizo chilichonse chimabwereza uthenga, ndipo wolandira amavomera. Mu Epulo 2022 maseva ake adazima mwadzidzidzi popanda chenjezo. Pulogalamu ya pa foni idasiya kugwira ntchito, koma maswitchi amene adalumikizidwa mwachindunji, ina kwa inzake, adapitiriza kumverana, ndipo anthu amene ankawalamula ndi kompyuta ya m'nyumba momwemo sadavutike kwenikweni. Mu Juni chaka chomwecho gulu la ogwiritsa ntchito lidagula kampaniyo n'kuyatsanso maseva. Chimene chidapulumuka pa masabata amenewo ndi mbali imene inkafanana ndi X10, yosadalira munthu wakunja. Ndipo chodabwitsa n'chakuti matenda odziwika kwambiri a kachipangizo kolumikizira Insteon ku kompyuta, kotchedwa PLM, adali makapasita ouma msanga, ndipo eni ake ambiri adaphunzira kuwasintha okha.

Zimenezi zikutikumbutsa kuti zipangizo zatsopano nazonso zimakalamba, ndipo zimakalambira malo omwewo. Switchi ya Z-Wave kapena ya Wi-Fi ili ndi kagawo kosinthira magetsi kopanikizidwa m'kamalo kochepa, kofunda, ndi kapasita wa madzi m'kati mwake. Maswitchi ena otere amadziwika kuti magetsi akathima n'kubweranso amayamba kungogogoda osayaka, ndipo kapasita mmodzi ndiye amakhala wapalamula. Kusiyana kwake kuli pa kukonza. Tizipangizo tambiri ndi tating'ono ngati mchenga, tomatidwa pamwamba pa bolodi, mabolodi ena ndi awiri osanjikizana, ndipo chipu ikafa pulogalamu yake palibe koitenga. Munthu wa dzanja lokhazikika akhoza kusintha kapasita, koma kupyola pamenepo n'kutaya basi. Ndiye amene akuchotsa X10 chifukwa chotopa ndi kukonza adziwe kuti sakugula chipangizo chosafa. Akugula chipangizo chimene chidzamuuza msanga kuti chafa, ndipo zimenezo zili ndi phindu lake.

Kwa ife a kuno nkhaniyi imatikhudza pang'ono chabe. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, osintha ka 50 pa sekondi, choncho kabokosi ka ku America kobwera m'katundu wa wachibale kadzapsa kakangolowetsedwa m'soketi. Mitundu ya X10 ya mavolti 230 idapangidwira Ulaya, koma m'nyumba yoyendera inveta yotchipa, imene magetsi ake amadumphadumpha m'malo moyenda mosalala, dongosolo lodalira bata la pa ziro limavutika. Chimene tili nacho chochuluka ndi luso: amisiri okonza mawailesi ndi ma TV m'misika yathu amadziwa kapasita wouma kuposa eni nyumba ambiri a ku America.

Poyeza kukonza ndi kusintha, kukula kwa dongosolo ndi ntchito yake ndi zimene zimagamula. Munthu amene ali ndi timabokosi tisanu kapena khumi toyatsa nyale za pakhonde, za m'munda ndi za Khirisimasi, amene kuphonya kamodzi pa mwezi sikumupweteka, apindula ndi kukonza. Fyuluta imodzi kapena ziwiri, coupler pa bokosi la mabuleka, makapasita ochepa, ndipo dongosolo likhoza kuyendanso zaka zambiri pa ndalama zosafika mtengo wa maswitchi amakono ochepa. Timabokosi takale timapezekanso totchipa kwa anthu amene akusamukira ku zatsopano, ngakhale kuti nato makapasita ake ndi a msinkhu womwewo, ndipo kukhala m'kabati osagwira ntchito sikuletsa kapasita kukalamba. Amene ali ndi maswitchi makumi atatu a m'khoma, nyumba yodzaza mababu a LED ndi machaja, ndipo mwezi uliwonse akufufuza chomeza chatsopano, akutaya nthawi yake. Matenda ake ali m'mawaya, ndipo mawayawo sadzabwereranso ku bata la 1978.

Ngakhale pamenepo, kuchotsa zonse tsiku limodzi sikofunika. Mapulogalamu oyendera pa kompyuta ya m'nyumba, monga Home Assistant imene idayamba mu 2013, amatha kulamula Z-Wave ndi Zigbee popanda seva yakunja, ndipo kudzera pa kachipangizo kakale ka CM11A ndi pulogalamu ya Heyu amalamulanso X10. Choncho munthu akhoza kuyamba ndi malo amene kuphonya n'koopsa, kenako maswitchi a m'khoma amene akulimbana ndi LED, n'kusiya timabokosi ta m'soketi tikugwirabe ntchito mpaka kalikonse katafika tsiku lake. Dongosolo la Matter, limene lidatuluka mu Okutobala 2022, likulonjeza kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana m'nyumba momwemo, koma likadali laling'ono kuti tidziwe mmene lidzakalambire.

Pogula chatsopano chilichonse, funso loyenera kufunsa wogulitsa ndi lakuti: intaneti ikazima, kapena kampani ikatseka, switchiyi idzamverabe bokosi la m'nyumba mwanga? Zipangizo za Z-Wave ndi Zigbee zambiri zimatero ngati bokosi lolamuliralo silidalira seva. Zambiri za Wi-Fi zotchipa sizitero, pokhapokha zitakhala ndi njira yolamulira ya m'nyumba imene wopanga wailemba poyera. Ndipo pochotsa timabokosi totumiza ta X10 tomwe tatha ntchito, tizulidwe m'soketi m'malo mongosiyidwa, chifukwa kalikonse kamene kazulidwa kamabwezera mphamvu pang'ono ku chizindikiro chopita kwa timene tatsala.